Makiyi ali ndi yani? Kuunika buku la Kim Zetter lonena za Stuxnet

Mabuku onena za makompyuta sachedwa kukalamba. Lotuluka chaka chino, pofika chaka chamawa limakhala ngati kalendala yakale yongoyenera kukutira makope a ana a sukulu. Koma buku la mtolankhani wa ku America, Kim Zetter, lotchedwa Countdown to Zero Day, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2014, lakana kukalamba. Mpaka lero anthu ofuna kumvetsa mmene kompyuta ingaonongere makina a m'fakitale amayambira pa buku limeneli. N'chifukwa chake ndaona kuti n'koyenera kuliunika mofatsa, poti buku lomwe anthu ambiri amaphunzirirapo limawazoloweretsanso koyang'ana. Maganizo anga ndi akuti bukuli ndi labwino zedi, koma nyali yake idalunjika pa mbala yochenjera, pomwe chitseko chomwe chidasiyidwa chosatseka chidatsala mumdima.

Nkhani yake, kwa amene sadaimvepo, ili motere. M'mwezi wa Juni 2010 kakampani kena ka ku Belarus kotchedwa VirusBlokAda kadalandira dandaulo kuchokera ku Iran loti makompyuta ena akungozima n'kuyakanso okha. Katswiri wa kampaniyo, Sergey Ulasen, atasanthula adapezamo kachilombo ka pakompyuta komwe kadali kasadaonekepo, ndipo pambuyo pake kadapatsidwa dzina loti Stuxnet. Kachilomboka kadalowa m'makompyuta oposa 100,000, ochuluka mwa iwo a ku Iran komweko. Chodabwitsa chidali chakuti sikankaba ndalama za munthu. Kakalowa m'kompyuta kankafunafuna pulogalamu ya kampani ya Siemens yotchedwa Step 7, yomwe mainjiniya amalembera malamulo oyendetsera makina, ndipo kakapanda kuipeza kankangodutsa osaononga kanthu.

Padatenga miyezi kuti anthu adziwe chomwe kankasaka. Akatswiri atatu a kampani ya Symantec, omwe ndi Liam O'Murchu, Eric Chien ndi Nicolas Falliere, adakamasula pang'onopang'ono ngati msodzi womasula ukonde wopiringizika. Ku Hamburg m'dziko la Germany nako, Ralph Langner, amene ntchito yake ndi ya makina a m'mafakitale, adanena poyera kuti ichi chidali chida chosulidwira malo amodzi okha. Malowo adapezeka kuti ndi Natanz, komwe dziko la Iran linkayengera yureniyamu. M'zipinda za pansi pa nthaka mudali timigolo ta aluminiyamu zikwizikwi totchedwa centrifuge, tolumikizidwa m'magulu a 164, tomwe timazungulira mwaliwiro loopsa pofuna kulekanitsa yureniyamu wopepuka ndi wolemera. Liwiro lake loyenera lidali maulendo 1,064 pa sekondi imodzi. Kachilomboka kankalamula kuti liwirolo likwere kufika pa 1,410 kwa mphindi 15, n'kulibwezeretsa, n'kukhala chete kwa masiku 27. Kenaka kankalamula kuti litsike kufika pa maulendo 2 okha, n'kulikwezanso. Timigoloto sitinkafa tsiku limodzi. Tinkatha pang'onopang'ono ngati munthu wodyetsedwa mankhwala m'chakudya.

Pomwe izi zinkachitika, injiniya akafuna kuona malamulo omwe ali m'makinawo, kachilomboka kankamuonetsa malamulo ake akale omwe aja. Kadali kataima pakati pa injiniya ndi makina ngati mesenjala wachinyengo amene amatsegula makalata panjira, n'kulembamo zake, pobwerera n'kubweretsa yankho lokoma. Bungwe lina la ku Washington lotsogozedwa ndi David Albright lidawerengera kuti timigolo pafupifupi 1,000 tidachotsedwa ku Natanz chakumapeto kwa 2009 ndi kumayambiriro kwa 2010. Mu 2012 mtolankhani David Sanger adalemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti ntchitoyi idali ya maboma a America ndi Israel.

Zetter adaikamba nkhaniyi ngati nthano ya apolisi ofufuza mlandu, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Wowerenga sauzidwa zonse nthawi imodzi. Amayenda limodzi ndi akatswiriwo, kusochera nawo, kudabwa nawo. Mutu uwu tili mu ofesi ya Symantec, mutu wotsatira tili ku Iran ndi oyendera malo a nyukiliya a bungwe la IAEA, mpaka njira ziwirizo zidzakumane. Munthu ngati ine, amene kompyuta ndimaidziwira pa makalata ndi malipoti basi, ndidatha kutsatira popanda kutopa, ndipo kufikitsa wowerenga wamba pamenepo si ntchito yamasewera. Ndimuyamikirenso mlembiyu chifukwa sakometsera nkhani: pomwe umboni waperewera amanena kuti waperewera. Kachilema kakang'ono ndi mawu a m'munsi mwa masamba, omwe m'malo ena atalika kwabasi. Nkhani zina zokoma zakwiririka m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo maso a munthu wa zaka zopitirira 40 amadandaula.

Dzina la bukuli likuchokera ku mawu oti zero-day. Awa ndi mawu a akatswiri otanthauza chibowo cha m'pulogalamu chomwe eni ake pulogalamuyo sakuchidziwa, kotero kuti sadakhale ndi tsiku ngakhale limodzi loti achitseke. Zibowo zotere n'zosowa ndipo zimagulitsidwa ndalama zambiri. Zetter adapatula mutu wathunthu kufotokoza msika wake. Stuxnet idagwiritsa ntchito zibowo 4 nthawi imodzi, chinthu chomwe chidali chisadaonekepo. Idanyamulanso zidindo zapakompyuta zobedwa ku makampani awiri a ku Taiwan, Realtek ndi JMicron, kuti Windows iziilandira ngati pulogalamu yovomerezeka. Palibe angatsutse kuti izi n'zochititsa kaso. Koma mukafunsa munthu amene adawerenga bukuli zaka zingapo zapitazo chomwe akukumbukira, adzakuuzani za zibowo, zidindo zobedwa ndi azondi. Akatero mtima wake umakhala m'malo, poganiza kuti fakitale yake ya shuga kapena malo ake opopera madzi sangakope azondi a maiko akuluakulu. Nthano ya mbala yochenjera imagonetsa mlonda, chifukwa imamuuza kuti vuto lonse lili m'nzeru za mbalayo.

Komatu zibowo zija zidali za Windows, ndipo ntchito yake idali kungofikitsa kachilomboka pa kompyuta ya injiniya. Kuchoka pamenepo kupita ku makina enieni sipadafunikenso chibowo chobisika. Kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kubwerera ku mbiri yomwe bukuli langoikhudza pamwamba. Kale makina a m'fakitale ankalamulidwa ndi mawaya ndi maswichi mazanamazana omangidwa m'makabati. Kampani yopanga galimoto ikafuna kusintha mtundu wa galimoto, amisiri ankamasula mawayawo n'kuwamanganso, fakitale ili chiimire. Mu 1968 nthambi ina ya General Motors idapempha kuti papezeke chipangizo chosinthika mosavuta, ndipo Dick Morley ndi anzake adapanga Modicon 084, kholo la zipangizo zomwe lero zimatchedwa PLC. PLC ndi kakompyuta kolimba komwe kamatsegula mavalavu, kuyatsa mapampu ndi kulamula mamota usana ndi usiku. Ubwino wake wonse ndi woti kamamvera: ukakalembera malamulo atsopano, basi fakitale yasintha. Tsono chinthu chopangidwira kumvera chimamvera aliyense wochifikira, pokhapokha wina atachiphunzitsa kufunsa kuti wolamulayo ndani.

Palibe adachiphunzitsa. Modbus, chinenero chomwe kampani ya Modicon idakhazikitsa mu 1979 choti zipangizozi zizilankhulirana, chomwe chikugwirabe ntchito m'mafakitale ambiri, chidapangidwa popanda njira yotsimikizira amene watumiza lamulo. Omwe adachipanga sadali opusa ayi. Nthawi imeneyo kuti munthu afike pa waya ankayenera kudutsa pa geti, ndipo pa geti padali mlonda. Mpanda wa fakitale ndiwo udali loko. Ma PLC a Siemens a ku Natanz nawonso sankafunsa kuti pulogalamu yatsopanoyi wailemba ndani. Chochokera ku kompyuta ya injiniya ankangochilandira ndi manja awiri. Ndipo pali kankhani kena komwe Zetter amakanena, koma komwe ine ndikadakaika pa chikuto penipeni. Imodzi mwa njira zomwe Stuxnet inkafalikira idali nkhokwe ya pulogalamu ina ya Siemens yotchedwa WinCC. Mawu achinsinsi otsegulira nkhokweyo adali amodzimodzi kwa makasitomala onse, osokereredwa m'pulogalamu momwemo, ndipo pofika 2008 adali atapezeka kale pa intaneti. Nkhani itaphulika mu 2010, Siemens idalangiza makasitomala ake kuti asawasinthe, chifukwa kutero kukadasokoneza makina awo. Akuluakulu adanena kale kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Nanga kachilomboka kadafika bwanji ku Natanz, malo olondedwa ndi asilikali, omwe makompyuta ake oyendetsa makina sadali olumikizidwa ku intaneti? Umboni ukuloza kwa anthu okhala ndi chilolezo cholowa. Akatswiri atatsata mapazi ake adapeza kuti kadayambira m'makampani 5 a ku Iran, ambiri mwa iwo ogwira ntchito yoika ndi kukonza makina a m'mafakitale, monga Foolad Technic, Behpajooh ndi Neda Industrial Group. Awa ndi makontirakitala, anthu obwera ndi laputopu ndi fulashi m'chikwama, mlonda n'kuwatsegulira geti mwaulemu. Mu 2019 Zetter yemweyo pamodzi ndi mtolankhani wa ku Netherlands, Huib Modderkolk, adalemba kuti mtundu woyambirira wa kachilomboka udalowa mothandizidwa ndi munthu wotumidwa ndi azondi a ku Netherlands, amene ankalowa ku Natanz ngati mmisiri. Timati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, fakitale singayende popanda mlendo wodziwa makina. Koma kalumo komweko kamameta, kamachekanso.

Pakatikati pa bukuli pali mutu umodzi umene Zetter amasiya kaye azondi n'kutiyendetsa m'mafakitale wamba, ndipo kwa ine umenewu ndiwo phata la buku lonse. M'menemo muli nkhani ya ku Maroochy Shire, m'chigawo cha Queensland ku Australia. Kumeneko kampani ina idaika makina oyendetsa mapampu a zonyansa za m'zimbudzi, olamulidwa kudzera pa wailesi. Mmodzi mwa antchito a kampaniyo adasiya ntchito atasemphana ndi mabwana ake, n'kukafunsira ntchito ku khonsolo, koma sadamulembe. M'miyezi yoyambirira ya 2000 mapampu adayamba kuchita zachilendo: kuzima okha, mabelu ochenjeza osalira. Zonyansa zokwana malita pafupifupi 800,000 zidasefukira m'mitsinje, m'mapaki ndi pabwalo la hotela ina. Apolisi atamugwira munthuyo adamupeza m'galimoto ndi laputopu ndi zipangizo za wailesi za kuntchito kwake kwakale, zomwe ankanamizira kukhala imodzi mwa nyumba za mapampu. Adalamulidwa kukakhala kundende zaka 2. Apa padalibe zero-day, padalibe boma lachilendo. Padali munthu wokwiya amene adachoka ndi makiyi, ndi makina omwe sankadziwa kuti munthuyo adachoka. Nkhaniyi idachitika zaka 10 Stuxnet isadadziwike. Koma mutuwo ukangotha, bukuli limatibwezera kwa azondi, ndipo zonyansa za ku Maroochy zimaiwalika.

Kwa ife ogwira ntchito m'boma nkhani yotereyi si yachilendo. Kupereka makiyi n'kosavuta, ntchito ili pa kuwalanda. Munthu akayamba ntchito pamakhala changu chomupezera makiyi a ofesi, a ku sitolo ndi mawu achinsinsi a kompyuta, chifukwa popanda zimenezi ntchito siyenda ndipo bwana afunsa. Koma akasamutsidwa kapena akapuma pa ntchito, palibe chimene chimaima ngati dzina lake latsalira m'kompyuta, choncho palibenso amene amafulumira. Wina akapita ku maliro amasiyira mnzake mawu ake achinsinsi kuti malipiro asachedwe, ndipo wokana kutero amaoneka wouma mtima. Pakutha pa zaka zingapo palibe angawerenge kuti chitseko chimodzi chili ndi makiyi angati. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013, yomwe ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, sidafune katswiri wa ku Hamburg kuti aimasule: malipiro ankadutsa mu IFMIS, kenaka zolembedwa zake n'kufufutidwa ndi anthu omwe adali ndi mphamvu yolowamo. Kwathu kudasowa ndalama. M'fakitale nthenda yomweyi imaphulitsa thanki.

Zomwe zachitika chitulukireni bukuli zikuikira umboni mutu wapakati uja kuposa dzina la pa chikuto. Pa 23 Disembala 2015 makasitomala pafupifupi 225,000 a makampani atatu ogawa magetsi ku Ukraine adakhala mumdima m'nyengo yozizira. Achiwembu adayamba ndi makalata achinyengo a imelo, n'kukhala m'makompyuta a makampaniwo kwa miyezi akutola maina ndi mawu achinsinsi a antchito. Tsiku litakwana adalowa pakhomo lomwe antchito amalowera akakhala kutali, lomwe linkangofuna mawu achinsinsi popanda chitsimikizo chachiwiri. Oyang'anira magetsi adangoona kamuvi ka pakompyuta kakuyenda kokha, kakuzimitsa malo ogawira magetsi amodziamodzi. Magetsi adayakanso patapita maola angapo chifukwa amisiri adakwera magalimoto n'kukabwezeretsa maswichi ndi manja. Mu Meyi 2021 kampani ya Colonial Pipeline, yomwe mapaipi ake a makilomita oposa 8,000 amanyamula pafupifupi theka la mafuta a galimoto a kugombe la kum'mawa kwa America, idatseka mapaipiwo kwa masiku angapo, ndipo anthu a kumeneko adalawako mizere ya pa malo omwetsera mafuta yomwe ife timaidziwa bwino. Achiwembu adalowera pa akaunti yakale yomwe palibe ankaigwiritsanso ntchito, koma palibenso adaitseka. Kampaniyo idalipira dipo la madola pafupifupi 4.4 miliyoni.

Nkhani yomwe imandiopsa kuposa zonse ndi ya mu 2017, ya fakitale ina yoyenga mafuta ndi kupanga mankhwala ku Saudi Arabia. M'mafakitale oopsa ngati amenewa mumakhala makina apadera omwe sagwira ntchito ina koma kudikira ngozi: kutentha kukapyola malire kapena gasi akayamba kutuluka, amazimitsa zonse anthu asadafe. Kachilombo kotchedwa Triton kadalunjika pa makina oteteza amenewa, a mtundu wa Triconex opangidwa ndi Schneider Electric. Kunena zoona, achiwembuwa adagwiritsanso ntchito chibowo chosadziwika. Koma pa makina a Triconex pali kiyi weniweni wachitsulo wotembenuza ndi dzanja, ndipo makinawo amalandira pulogalamu yatsopano pokhapokha kiyiyo akaloza pa PROGRAM. Ntchito yokonza ikatha amayenera kubwezedwa pa RUN. Ku fakitale imeneyi adasiyidwa pa PROGRAM. Chidapulumutsa anthu n'chakuti kachilomboko kadali ndi cholakwika, makina oteteza adazindikira kuti china chake sichili bwino, n'kuzimitsa fakitale yonse. Opanga makina adaika loko wabwino, woti munthu wa kutsidya kwa nyanja sangamukhudze ngakhale atachenjera bwanji. Chidasowa ndi dzanja loti litembenuze kiyi poweruka.

Mu Novembala 2023 antchito a bungwe loona za madzi m'tauni ya Aliquippa ku Pennsylvania adapeza uthenga wandale pa galasi la PLC ya pa nyumba ina ya mapampu, moti adayamba kuyendetsa mapampuwo ndi manja. Chipangizocho chidali cha kampani ya ku Israel yotchedwa Unitronics, ndipo boma la America lidati gulu lomwe lidachita izi n'logwirizana ndi asilikali a Iran. Chenjezo lomwe bomalo lidatulutsa lidapempha onse okhala ndi zipangizo zotere kuti azichotse pa intaneti ndi kusintha nambala yachinsinsi yomwe zimabwera nayo kuchokera ku fakitale. Nambalayo idali 1111. Dziko lomwe lidamenyedwa ndi zibowo 4 ndi zidindo zobedwa 2 silidafunike kuvutika chotero pobwezera.

Komabe tisafulumire kunyoza amisiri ngati anthu aulesi, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imavuta, ndipo ndi pamene ndikadakonda Zetter akadakhalitsa. Loko ali ndi mtengo wake. Mu ofesi, kompyuta ikakukana utaphonya mawu achinsinsi katatu, umapita kukamwa tiyi podikira a IT. M'fakitale, 2 koloko ya usiku, thanki ikutentha, kompyuta yokana woyang'anira ikhoza kupha anthu. N'chifukwa chake m'zipinda zambiri zoyang'anira makina anthu a shifiti yonse amagwiritsa ntchito dzina limodzi, ndipo kompyuta saitseka ngakhale posinthana. Makinawo amakhalanso zaka 20 kapena 30, ndipo kuwaimitsa kuti aikemo pulogalamu yokonzedwa kumatanthauza kuimitsa ndalama. Mkulu wa fakitale amayamikiridwa chifukwa cha matani omwe atuluka mwezi uno. Sindidamvepo woyamikiridwa chifukwa chofufuta dzina la kontirakitala wakale.

Vutoli likukulirakulira kaamba ka mtundu wa fakitale womwe maiko akuthamangira. Chiyambireni 2011, pomwe ganizo la Ajeremani la Industrie 4.0 lidalengezedwa pa chionetsero cha ku Hannover, cholinga chakhala fakitale yosinthika: mzere umodzi wa makina upange chinthu ichi m'mawa, china madzulo, loboti ichotsedwe apa ikaikidwe apo, wogulitsa makina aziwakonza ali kwawo kudzera pa intaneti. Ndi loto lomwe lija la General Motors, koma tsopano mpanda udagwa, ndipo kusintha kulikonse kumafuna kuti wina apatsidwe chilolezo chatsopano. Nzeru zothetsera vutoli zilipo ndipo si zatsopano. Mu 1975 Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder adalemba kuti munthu kapena pulogalamu izipatsidwa mphamvu zongokwanira ntchito yomwe ili nayo basi. Mu 1992 David Ferraiolo ndi Richard Kuhn a bungwe la NIST adalongosola njira yopereka chilolezo potsata udindo m'malo mwa dzina la munthu, monga momwe m'boma wosayinira cheke amakhala wosiyana ndi wolemba vocha. Njirayi imayenda bwino pomwe maudindo ndi okhazikika. Koma m'fakitale yosintha kawiri pa tsiku maudindo amaswana ngati mbewa, mpaka mndandanda wake palibe amene amaumvetsa. Choncho akatswiri adabwera ndi njira yoyang'ananso nthawi, malo ndi mmene makina alili: kontirakitala uyu aloledwe kulemba pa makina awa okha, lero lokha, makinawo ali ozimitsa. Malamulo a IEC 62443 amalangizanso kugawa fakitale m'zigawo zokhala ndi makomo owerengeka, kuti wolowa m'chipinda chimodzi asayende nyumba yonse. Ngakhale makina enieniwo tsopano amapatsidwa zidindo zawo kuti azidziwana.

Zonsezi n'zanzeru, koma lamulo lililonse limafuna munthu woti alilembe, ndi wina woti akumbuke kulifufuta. Zidindo zimatha nthawi, zimabedwanso, monga adaonera a Realtek. Ndipo fakitale ikamasinthasintha, mayesero opereka chilolezo chachikulu kamodzi n'kuthana nazo amakula, poti palibe akufuna kudzutsidwa usiku kuti atsegulire loboti. Buku la mu 2014 silikadaona zonsezi, koma mbewu zake zidalipo kale m'masamba ake omwe, ndipo mlembi adasankha kuthirira zina.

Kanema wa Alex Gibney wotchedwa Zero Days, yemwe adatuluka mu 2016, adapita patali kwambiri ndi mbali ya azondi. Nkhani yake yaikulu ndi chinsinsi cha boma ndi akuluakulu okana kuyankha mafunso. Ndi kanema wokoma kuonera, koma woyang'anira mapampu sangatolemo chochita Lolemba m'mawa. Zetter mwini wake, polankhula pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas mu 2022, adadandaula kuti zambiri zomwe zidachitika pambuyo pa Stuxnet, kuphatikizapo za Colonial Pipeline, zidali zodziwikiratu, ndipo machenjezo adalipo kale. Pamenepa ndikugwirizana naye kwathunthu. Dandaulo langa ndi lakuti owerenga buku ndi ochuluka kuposa omvera za pa msonkhano, ndipo bukulo limawasiya akuyang'ana kumwamba kudikira mphenzi. Kwa amene angalipeze, makamaka ogwira ntchito m'malo opopera madzi, opangira magetsi ndi m'mafakitale athu momwe zipangizo zoterezi zilimonso, langizo langa ndi loti ayambe ndi mutu wapakati uja, kenaka abwerere kumayambiriro. Nthano ya azondi siitha kukoma, koma imamveka mwina.

Anthu amene ndidawasowa kwambiri m'masamba oposa 400 amenewa ndi amisiri a ku Natanz eni ake. Timangowaonera patali, akuchotsa timigolo toonongeka, akukaikira zitsulo, akukaikirana okhaokha, kompyuta ikuwauza kuti zonse zili bwino. Sanger adalemba kuti ena mwa iwo adachotsedwa ntchito. N'zomveka kuti mtolankhani wa ku America sakadatha kuwafikira. Koma amisiri onga iwo ali m'fakitale iliyonse, ngakhale ku America komweko, ndipo m'bukuli akatswiri ndi alangizi amalankhula kwambiri pomwe munthu wa shifiti ya usiku sitimumva. Zetter akadakhala naye mmodzi m'chipinda choyang'anira makina mpaka kucha, n'kumufunsa kuti ndi anthu angati amadziwa mawu achinsinsi a makina ake, adasinthidwa liti komaliza, ndipo kontirakitala amene adachoka chaka chatha adabweza chiyani pa geti.